Muziwauza Kuti Ndili ku Joni

10 Disembala 2023

Okondedwa amake Raisa,

Asalamu aleikumu. Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi ana athu, Raisa ndi Fatu. Ine ndafika bwino kuno ku Israeli, Mulungu wandisunga, kungoti kukuzizira kuposa Juni wa ku Dedza.

Ndaganiza zoti ndizilemba papepala n'kumajambula ndi foni, chifukwa tikamaimbirana bandulo yanu imatha ndisananene zanzeru. Kalata mukhoza kuiwerenga mofatsa mukaweruka kogulitsa samusa.

Atiika pamunda wa mapeyala. Si aakulu ngati a ku Thyolo, ndi ang'onoang'ono akhungu lokhakhala, koma akuti amakagulitsidwa ku Ulaya. M'chipinda tili awiri, ine ndi Thumbiko Chavula, mnyamata wa ku Area 25 amene tinakhala moyandikana m'ndege. Kwawo ndi ku Rumphi, ndipo ndi wa kwaya kutchalitchi kwawo. Ndege itatera anandigwira mkono misozi ili mbwee, amvekere, "Achimwene, dziko la m'Baibulo lija ndi limeneli!" Ndinangoseka. Mkazi wake, Fiona, ndi woyembekezera. Ndakutumizirani nambala yake, muzimuyendera.

Za nkhondo musadere nkhawa. Ili kum'mwera, ku Gaza, kutali ndi kuno. Antchito ambiri a m'minda anathawa itangoyamba, n'chifukwa chake maboma awiriwa anagwirizana kuti tibwere ife. Timangomva ndege zikudutsa, basi.

Pali chimodzi chimene ndikupempheni. Kumzikiti, ndiponso kwa achimwene anu a Saidi, muziwauza kuti ndili ku Joni. Mukudziwa mmene anthu akulankhulira za dziko lino Lachisanu lililonse. Sindinabwere kuno chifukwa chokukonda. Munaona nokha mmene ntchito yowotcherera inafera pa Biwi, ndipo kwacha atangoigwetsa mwezi watha, amene anandipatsa maoda a mageti onse anabwerera atamva mtengo wa chitsulo.

Makina anga owotcherera musabwereke munthu, ngakhale mnzanga. Muwafunditse pulasitiki, pakona paja pamadontha.

Ndine wanu,
Zaki


18 Febuluwale 2024

Okondedwa amake Raisa,

Mtendere ukhale nanu. Ndasangalala kumva kuti chifuwa cha Fatu chatha. Ine ndili bwino.

Atisamutsa. Tsopano tili kumpoto, kumapiri, kwa bambo wina wachikulire dzina lake Eli. Amayenda ndi ndodo, ndipo ana ake aamuna onse ali ku usilikali. Malo ndi okongola, koma mudzi wonse mulibe anthu, boma linawasamutsa. Nyumba zabwinobwino n'zotseka, tinjinga ta ana tili gone pakhomo, malalanje akugwa okha n'kumaolera pansi. Otsala ndife antchito, asilikali a pageti, ndi amphaka.

Amalawi tilipo awiri okha, ena onse ndi anyamata a ku Thailand. Mkulu wawo ndi Prasit, munthu woseka, wakhala kuno zaka zambiri. Tsiku loyamba anatitengera pakanyumba kakonkire kopanda mawindo kamene kali pakati pa munda, n'kutiuza ndi manja kuti, ukamva sayirini usayang'ane kumwamba, thamangira muno, ukaona kuti sufika gona chafufumimba. Ndi malamulo chabe, ngati aja amanena m'ndege isananyamuke.

Kuseri kwa phiri ndi dziko la Lebanon. Foni yanga yapenga, ikumanena kuti ndili ku Beirut. Akuti asilikali amasokoneza dala mapu a m'mafoni. Ndiye kolozera poswali ndikungodalira dzuwa.

Munafunsa za phokoso lija munamva Lachiwiri foni isanaduke. Inali thalakitala. Komanso musamandiimbire pavidiyo masana, abwana sakondwera nazo.

Ndalama zalowa kubanki. Ndikudziwa kuti anyamata osintha madola m'tauni amapereka bwino kuposa banki, koma m'pangano lathu analemba kuti mbali yaikulu izidzera kubanki yakwathu, poti dziko lilibe madola. Tinganene kuti ifeyo ndife fodya watsopano wa Malawi. Lipiranitu lendi ndi fizi ya Raisa, zotsalazo mugule chimanga panopa. Ngati mvula yadula monga mwaneneramo, chaka chino kuli njala. Shuga ngati akusowa choncho, mandasi asiyeni kaye, muzingopanga samusa.

Thumbiko akupereka moni. Amakonda kuimba nyimbo za Chitumbuka ali mumtengo. Masiku ano akumaimba mokweza kwambiri.

Wanu,
Zaki


21 Epulo 2024

Amake Raisa,

Asalamu aleikumu. Idi Mubaraka, ngakhale ndachedwa. Chithunzi cha ana atavala madiresi atsopano ndachiona. Raisa watalikatu. Ine thupi lili bwino, ndipo Ramadani ndinamanga yonse ngakhale ntchito inali yowawa.

Kalata yanu yandipweteka mtima. Kulakwa si kwanu. Pa Isitala, a Eli anatitengera kunyanja ya Galileya kuti Thumbiko akaione. Iye posangalala anaika chithunzi pa Fesibuku, ine ndili kumbuyo kwake ndikuseka. Sanadziwe kuti ndikubisala. Nditamuuza zimene zachitika anakhala tsiku lonse osandiyang'ana kumaso.

Ndiye mwati a Saidi anabwera kunyumba, anakana tiyi wanu, n'kunena pamaso pa ana kuti mukudya ndalama zamagazi. Mwatinso amayi ena a kumadrasa asiya kugula samusa zanu. Pepani, Sakina. Mwasenza manyazi anga nokha.

A Saidi mukawauze mawu awa. Zithunzi za ana a ku Gaza nanenso ndimaziona. Tsiku lina ndinaona kamtsikana ka msinkhu wa Fatu atakanyamula m'bulangete, futari sinalowe. Ine sindinagwirepo mfuti, ndimathyola mapeyala. Koma sindinama, pena ndimadzifunsa ngati iwo sakunena zoona.

Kuno kumabwera dalaivala wa lole yonyamula zipatso, Abu Karim. Ndi Mwarabu, Msilamu, wobadwira konkuno. Anandipeza ndikuswali kuseri kwa shedi, mawa lake anandibweretsera tende. Ndinamufunsa kuti, "Bambo, kodi ndikuchimwa pogwira ntchito kuno?"

Iye anati, "Ine ndimanyamula mapeyala omwewa. Azakhali anga amakhala kuseri kwa phiri ilo. Akaponya a uko ndimaopera ana anga, akaponya a kuno ndimaopera azakhali. Funso lakolo ndilibe yankho lake. Dyetsa ana ako, ndipo ukamva sayirini uzithamanga."

Zimene munamva pawailesi zoti Iran inaponya mizinga Loweruka la sabata yatha n'zoona. Tinapanikizana m'kanyumba kaja mpaka kunja kunayera. Palibe chinagwa pafupi. Zina ndidzakuuzani pamaso.

Fatu musamamulole kusewera kumtsinje wa Lilongwe, ndamva kuti akumatsatira anzake.

Wanu nthawi zonse,
Zaki


14 Julayi 2024

Okondedwa amake Raisa,

Moni nonse kunyumbako. Ine ndilipo.

Zikomo kuti munapita ku Area 25 ndi chitenje ndi sopo kukaona khanda la Fiona. Thumbiko akumaonetsa chithunzi cha Lusayo kwa aliyense, ngakhale asilikali a pageti. Akuti mphuno ndi yake.

Kuno kwatentha, ndipo mapiri akupsa. Zimene amaponya kuchokera kuseri zikagwera pa udzu wouma moto umayenda ngati lupsa la kumudzi. Zovala tikayanika timazipeza zili ndi phulusa. Thalakitala ija ndinakuuzani sinali thalakitala, ndiganiza munadziwa kale.

A Eli ali ndi munda wina kumtunda, pafupi ndi mpanda wa malire. Mapaipi othirira anapsa, ndipo mitengo ikufota. Asilikali amalola kulowako kanthawi kochepa m'mawa. Wopitako amawonjezeredwa malipiro. Sakakamiza munthu, ndipo mwiniwakeyo amapita nawo ndi ndodo yake. Thumbiko anakweza dzanja msanga, akufuna agule kapuloti kuti Lusayo asakulire m'nyumba ya lendi. Ine ndinakana. Kenaka ndinawerenga kalata yanu ija ya mtengo wa thumba la chimanga pamsika wa Kawale, nanenso ndinakweza dzanja.

Nsapato za Raisa mugule zokulirapo kuti zimufikitse chaka chamawa.

Mukaona kuti ndakhala masiku angapo osayankha, musathamangire kulira, netiweki imavuta. Koma m'munsi mwa pepalali ndalemba nambala ya Abu Karim, amamva Chingerezi. Kubanki ndinalembetsa dzina lanu. Mapepala a pangano langa ali m'sutikesi yobiriwira, pansi pa mkeka woswalira wa malemu bambo. Ndangoti mudziwe.

Zaki


13 Okutobala 2024

Sakina,

Ndili moyo, ndipo sindinavulale. Werenganinso mzere umenewu musanapitirire.

Pepani kuti masiku onsewa foni yanga inali yozima. Inasweka. Ndabwereka ya Abu Karim kuti ndijambule kalatayi.

Thumbiko ali m'chipatala. Ali moyo. Wavulala mwendo ndi khutu. A ku ofesi imene inatibweretsa kuno akuti aimbira abale ake, koma sindikudziwa kuti anena motani, kapena liti. Chonde mawa m'mawa geni isiyeni, mukwere minibasi mupite kwa Fiona. Mukamuuze kuti ndamuona ndi maso anga, akupuma, madokotala akumusamala. Akafunsa zambiri munene kuti simukudziwa. Simukhala mukunama.

Prasit, mkulu wa anyamata a ku Thailand uja, wamwalira.

Atichotsa kumapiri kuja, tili kumunda wina chakumunsi. Kunonso sayirini ikulira, koma kanyumba kothawiramo kali pafupi.

Ana musawauze. Mundipempherere dua.

Zaki


3 Novembala 2024

Okondedwa amake Raisa,

Asalamu aleikumu. Ndathokoza kumva kuti nonse muli bwino, ndiponso kuti munagona kwa Fiona masiku aja. Mulungu akubwezereni. Ndagula kafoni kena.

Mwandiuza kuti ndisiye kukubisirani ngati ndinu mwana. Chabwino.

Linali Lachinayi m'mawa, kunja kuli bwinobwino. Tinali kumunda wa kumtunda uja, mapeyala atayamba kukhwima. Pothyola a m'mwamba pali makina onga ndowa yaikulu yokhala pamkono wachitsulo. Munthu amaima m'ndowamo n'kudzikweza yekha. Tsiku limenelo munali Thumbiko. Prasit anali pathalakitala chapafupi, ine ndinali pansi kusanja makireti.

Sayirini sinalire. Tinangomva kulira ngati njinga yamoto ya kabaza, koma kukuchokera kumwamba. Ndi tindege tija topanda munthu, tonyamula bomba. Prasit anaimirira pathalakitala n'kukuwa m'chilankhulo chake. Ine ndinakuwa kuti, "Thumbiko, dumpha! Dumpha!" Ndinamuona akukanikiza batani, makina akutsika pang'onopang'ono monga amachitira masiku onse. Anandiyang'ana. Ndinadziponya m'ngalande.

Nditadzuka sindinkamva kanthu, m'makutu muli ziii. Masamba ankagwa ngati mvula. Thalakitala inali kuyaka. Prasit sindinamuyang'ane kawiri. Thumbiko ndinamupeza pansi pa mtengo, maso ali tong'o, pakamwa pakuyenda koma mawu osamveka. Ndinavula lamba n'kumumanga pantchafu monga anatiphunzitsira. A Eli anafika ndi galimoto, anataya ndodo, tinamunyamula awiri. Njira yonse mkulu uja ankangolira, akuitana dzina la Prasit.

Mwendo anaudula, Sakina, m'munsi mwa bondo. Fiona sakudziwa, ndipo musamuuze.

Lachisanu Abu Karim ananditenga kukamuona. Odwala anawatsitsira pansi pa nthaka, malo oimikapo magalimoto, poopa mabomba. Mabedi andandalikidwa m'mizere ya penti ija. Mulibe windo, sudziwa ngati kunja kwacha kapena kwada. Thumbiko waonda, ndipo amalankhula mokuwa chifukwa khutu limodzi linafa.

Anandifunsa kuti, "Achimwene, Fiona mwamuuza chiyani?"

Ndinati, "Ndati wavulala mwendo."

"Basi, zikhale choncho kaye. Akuyamwitsa, mkaka ungaume." Kenaka anaseka pang'ono, amvekere, "Mukudziwa, chala chachikulu chimandiyabwa. Ndikati ndikande, ndikugwira matiresi."

Nditati ndizipita anandikoka malaya. "Nanga Prasit bwanji sakubwera kudzandiona?"

Ndinamuuza kuti anapita kwawo. Anapitadi, m'bokosi, sabata yatha.

Mwalemba kuti ndibwere, tizidya ngakhale bonya bola tili limodzi. Mawu amenewo ndawawerenga kambirimbiri. Ndikuopa, Sakina. Sindinaopepo chonchi chibadwire. Chitseko chikamenyetseka ndimapezeka ndili pansi pa tebulo. Njinga yamoto ikadutsa pamsewu ndimathamangira kukanyumba kothawiramo. Ndikamaswali ndimaiwala pamene ndafika chifukwa khutu lili kumwamba. Dzulo ndinathawa njuchi.

Koma m'kalata yomweyo mwalembanso kuti anthu akugona pamizere ya mafuta, minibasi yochoka ku Kawale kupita m'tauni yakwera mtengo, ndipo mafuta ophikira mwayamba kugula a m'timapepala. Ndibwere ndidzawotcherere geti la ndani? Ndege zambiri zasiyanso kutera kuno, zotsalazo mtengo wake ndi wa nyumba. Komanso Thumbiko alibe wina womulankhula Chichewa pansi paja.

Sindikudziwa. Ndipatseni nthawi.

Wanu,
Zaki


8 Disembala 2024

Okondedwa amake Raisa,

Mtendere ukhale nanu nonse. Ndamva kuti Raisa wakhoza bwino mayeso, mumuuze kuti bambo ake anyadira. Ine ndikudya pang'onopang'ono, ndipo kugona kwayamba kubwera.

Munamva kuti a kuno ndi a ku Lebanon agwirizana zosiya kuponyerana. Akuti mayiko akuluakulu ndi amene awakhazika pansi. N'zoona, kwakhala bata kuyambira sabata yatha ija. Koma batali silikundikhazika mtima. Tikamathyola aliyense amangoima n'kutchera khutu, wina akaima tonse timaima. Abu Karim akuti mapangano a kuno ali ngati denga la udzu, umalikhulupirira mvula isanabwere. Ku Gaza nkhondo ikadalipo.

Za a Saidi zandidabwitsa. Mwati shopu yawo yatsekedwa chifukwa akusowa madola okapikulira katundu ku Tanzania, ndipo anabwera chamadzulo kudzafunsa ngati kulembetsa kobwera kuno kukadalipo. Sindinaseke, ndipo inunso musawaseke. Njala ilibe mzikiti. Muwapatseko chimanga. Koma zobwera kuno muwauze kuti asayerekeze. Akakakamira, muwawerengere kalata yanga ya mwezi watha yonse, osadumpha mzere.

A Eli andipempha kuti ndikhale mpaka zokolola zithe mu Malichi. Anyamata a ku Thailand ambiri apita, mapeyala akugwa. Anandilonjeza kuti kumtunda kuja sindidzapondakonso. Ndavomera. Ndikudziwa kuti mukwiya. Ndikufuna ndidzabwere ndi kampamba koti tisadzayang'anenso ndege. Zikayambiranso ndisanafike Malichi, ndinyamuka ndi chimene ndili nacho. Ili ndi lonjezo, Insha Allah.

Tsopano nkhani imene ndalembera kalatayi.

Thumbiko akubwera. Atera ku Lumbadzi Lachisanu masana. A inshuwalansi akuti mwendo wopanga ndi chipukuta misozi zitsatira, mapepala akadayenda. Pakadali pano akuyendera ndodo ziwiri, buluku atalipinda ndi pini. Za Prasit ndinamuuza zoona zake.

Fiona mpaka lero akudziwa kuti ndi bala chabe. Pavidiyo Thumbiko amangomuonetsa nkhope. Mkazi uja wasoketsa yunifomu ya chitenje ya banja lonse, wapangana ndi a kwaya kuti akaimbe pabwalo la ndege, ndipo wamugulira mwamuna wake nsapato zatsopano. Thumbiko wayesa kawiri kuti amuuze, mawu akukanika. Dzulo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Achimwene, apempheni alamu. Fiona amawamvera. Asadzaone koyamba pagulu."

Ndikudziwa kuti ndakusenzetsani zambiri chaka chino, koma palibe wina. Mupite Lachitatu, kuti akhale ndi tsiku lolira mwamuna wake asanafike. Musapite nokha. Mudzere kwa mayi Peggy Mhone, a chigwirizano cha amayi kutchalitchi kwawo, nyumba yawo ili kuseri kwa chigayo. Muwafotokozere panjira. Muonetsetse kuti apongozi ake a Fiona ali pakhomo.

Musazungulire, angayambe kuganiza za maliro. Muyambe ndi kunena kuti ali moyo ndipo akubweradi Lachisanu. Kenaka munene za mwendo, kuti ndi wakumanzere, m'munsi mwa bondo, ndipo bala linapola. Mumuuzenso kuti polankhula naye azikhala mbali ya kumanja.

Ndipo mukangolowa m'nyumba, musanayambe kulankhula, mumupemphe Lusayo kuti mumunyamuleko. Mwanayo akhale m'manja mwanu.

Ndine mwamuna wanu,
Zaki